Kuonetsa mwana kwa achipatala pa foni ali kusukulu: momwe sukulu yakumudzi ingayambire

Mwana akadwala m'kalasi pasukulu yakumudzi, zimene zimachitika n'zodziwika. Aphunzitsi amamuuza kuti atenge makope ake, anzake awiri amuperekeze kwawo. Kunyumbako amapeza chitseko chotseka, makolo ali kumunda kapena kudimba. Mwanayo amagona pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, usiku amumwetsa panado wa pagolosale, ndipo za kuchipatala zimaganiziridwa mkuja, thupi likakana kuzizira. Chipatalacho chili pamtunda wa makilomita khumi kapena kuposa, mwina kutsidya kwa mtsinje wopanda mlatho. Kiliniki ya m'mudzi ya a HSA (alangizi a zaumoyo) ilipo, koma imeneyo ndi ya ana osakwana zaka zisanu. Wa sitandade 4 sali m'kaundula wawo.

Apa ndi pamene foni ingagwire ntchito. Koma timvetsetsane poyamba: foni sichiza, ndipo mphunzitsi sasanduka dokotala chifukwa choti wagwira foni. Chimene kuimba kumathandiza ndi kudziwa msanga kuti mwana uyu athamangire naye kuchipatala pompano, uyu apite mawa m'mawa ndi makolo ake, uyu apume pang'ono abwerere m'kalasi. Malangizo ali m'munsiwa ndi a ahedi, aphunzitsi a SHN (oona za umoyo ndi kadyedwe ka ana pasukulu), a komiti ya sukulu ndi amayi a mother group amene akufuna kuyamba ndi zimene ali nazo, osadikira bungwe.

1. Yambirani kuchipatala, foni ibwere pambuyo

Ambiri amathamangira kugula foni kenako n'kumadabwa kuti aimbira ndani. Inu yambani ndi kupeza munthu woyankha. Tengani a HSA a dera lanu, mupite nawo kwa a in-charge, oyang'anira chipatala chaching'ono chomwe sukulu yanu ili pansi pake. A HSA musawasiye, chifukwa ndi iwo amene amadziwika mbali zonse ziwiri, ndipo zinthu zikadzayamba kuzilala ndi iwo adzakumbutse.

Pamsonkhanowo mugwirizane zinthu zooneka. Adzayankha ndani, adokotala kapena anamwino, ndipo iwo akachoka adzayankha ndani? Pa nambala iti? Nthawi yanji? Funso la nthawili ndi lovuta kuposa mmene limaonekera. M'mawa achipatala amakhala ndi mzere wautali panja, munthu mmodzi kuona anthu osawerengeka, pomwe ana a sitandade 1 ndi 2 amaweruka msanga. Pezani nthawi imodzi yoikika, mwina cha m'ma 11 koloko, yoti ana onse amene sali pangozi afotokozedwe pa kuimba kumodzi. Foni yolira kasanu m'mawa umodzi imatopetsa, ndipo sabata yachitatu adzasiya kuyankha. Za mwadzidzidzi zokha ndi zimene zilibe nthawi.

Mugwirizanenso kuti mwana wobwera ndi kalata ya kusukulu alandiridwa bwanji, kuti asakayambenso kumapeto kwa mzere ngati adokotala ananena okha kuti abwere msanga. Ngati chipatala chanu ndi cha mishoni, cha CHAM, funsiranitu ngati ana a msinkhu wa sukulu amalipira komanso zingati, makolo asakadzidzimuke pawindo.

Zonsezi zilembedwe papepala limodzi, ahedi ndi a in-charge asaine, a PEA (alangizi a maphunziro a m'zoni yanu) alandire lawo, lina lipite ku ofesi ya zaumoyo kuboma. Anthu amasamutsidwa. Chogwirizana cha pakamwa chimasamuka nawo limodzi.

Khalani ndi njira yachiwiri. Chipatala Cha Pa Foni chinayamba m'boma la Balaka mu 2011 ndi bungwe la VillageReach mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo, poyamba chikuona za amayi oyembekezera ndi ana aang'ono. Kenako chinafalikira dziko lonse n'kumayankha za matenda osiyanasiyana, ndipo tsopano chili m'manja mwa boma. Anthu anachizolowera pa 54747 ya Airtel, ndipo Unduna umalengezanso nambala yaulere ya 929. Yesani kuimba muli pasukulu pomwepo, tsiku lomwe palibe wodwala, muone yomwe ikulowa. Oyankha kumeneko ndi anthu ophunzira zaumoyo, amapereka uphungu wabwino, koma sadziwa kuti mtsinje wanu wadzaza kapena kuti kuchipatala kwanu LA, mankhwala a malungo aja, watha. N'chifukwa chake ndi njira yachiwiri.

2. Kwa mafumu ndi makolo

Gawo ili musalidumphe ngakhale mutafulumira chotani. Tonse tikukumbukira mphekesera za anamapopa za mu 2017, zomwe zinayambira cha ku Mulanje n'kufalikira m'maboma oyandikana nawo, anthu mpaka kuphedwa. Mphunzitsi amene akulowetsa ana m'kachipinda, kuwaika chinthu kukhwapa, kuwajambula n'kumalankhula ndi munthu wosaoneka pa foni, makolo asanauzidwe, akudziputira nkhani.

Pemphani agulupu aitanitse msonkhano. A HSA alankhule, ndipo ngati n'kotheka adokotala abwere okha kuti anthu aone nkhope ya munthu amene azikhala kuseri kwa foniyo. Ikani zida zonse pamphasa, aliyense azigwire. Muyeze kutentha kwa thupi kwa amfumu anthu akuona. Nenani mosabisa zimene aphunzitsi sadzachita: sadzabaya jakisoni, sadzatenga magazi, sadzapereka mankhwala amene achipatala sanalamule.

Kholo lililonse livomereze ndi siginecha kapena chidindo cha chala. Wokana asakakamizidwe, ndipo mwana wake asanyozedwe. Akadwala muzingoitana makolo monga kale. Pa tsiku lomwelo lembani nambala ya foni ya kholo kapena ya mnansi amene angathamange kukawaitana kumunda, ndi matenda amene mwana ali nawo kale monga khunyu, mphumu, shuga kapena sikoselo, komanso mankhwala amene anamuwenga. Izi muzifunsa kholo palokha, osati pagulu. Za mankhwala amene mwana amamwa tsiku ndi tsiku, kholo likafuna kuuza achipatala okha osauza sukulu, ndi ufulu wake.

Chenjezo limodzi: walira mvula walira matope. Anthu akangomva kuti kusukulu kuli adokotala a pa foni, ena adzayamba kutumiza ana odwala kale kuti akaonedwe kumeneko, ena adzabwera ndi khanda kumsana. Nenani pamsonkhano pomwepo kuti mwana amene wadzuka akudwala njira yake ndi ya kuchipatala, ndipo khanda ndi la a HSA.

3. Osamalira ntchitoyi

Aphunzitsi awiri, mwamuna ndi mkazi, makamaka okhala m'nyumba za pasukulu. Mtsikana wa sitandade 7 sangauze bambo kuti akumva kupweteka pokodza. Kumene kulibe mphunzitsi wamkazi, ndipo sukulu zotere zilipo zambiri kumidzi, mayi mmodzi wa mother group alowe m'malo. Anamwino kapena a HSA awaphunzitse kuyeza kutentha kwa thupi, kuwerenga mpweya, kuzindikira zizindikiro zoopsa ndi kusunga chinsinsi.

Ku Zomba, bungwe la Save the Children pamodzi ndi maunduna a zaumoyo ndi maphunziro linayesapo ndondomeko ya Learner Treatment Kit, momwe aphunzitsi ankayeza ana malungo pachala n'kupereka LA pasukulu pomwepo. Zinaonetsa kuti aphunzitsi angathe, koma iwowo anachita maphunziro apadera ndipo ankayang'aniridwa ndi achipatala. Popanda zimenezo, musakhudze zoyezera magazi, ngakhale wina atakupatsani mwaulere.

4. Zida

Foni ikhale ya sukulu, osati ya ahedi, chifukwa ahedi akapita ku TDC (likulu la aphunzitsi a m'zoni) kapena kuboma kukatenga malipiro imapita nawo. Yolowa makadi awiri, Airtel ndi TNM, yojambula bwino, ya WhatsApp. Yendani nayo pabwalo lonse la sukulu mupeze pomwe netiweki imagwira mosadukiza. Ngati ndi pachulu kuseri kwa sitandade 8, dziwani kuti mudzayeza mwana m'chipinda, n'kulemba zonse, kenako n'kupita pachulupo ndi pepala.

Za vidiyo musavutike nazo poyamba. Imadya bandulo, imaduka pakati, ndipo chithunzi chake chimakhala chosaoneka bwino kuposa chojambula modekha. Mawu omveka ndi zithunzi ziwiri zabwino zimakwanira pa matenda ambiri a ana asukulu.

Zina ndi izi: kasola kotchajira foni, choyezera kutentha kwa thupi cha batire, sikelo yoponda, wotchi yoonetsa masekondi, rula, magulovesi, sopo, ndowa ya madzi yokhala ndi mpopi, thonje ndi bandeji, mapaketi a Thanzi, mphasa, ndi kope lachikuto cholimba lomwe lizikhala lokiyidwa. Mayunitsi ndi bandulo zilowe mu bajeti ya SIG (ndalama zotukulira sukulu zochokera kuboma) kapena ya komiti kuyambira pachiyambi. Mphunzitsi amene akugula mayunitsi a m'thumba mwake amatha mwezi umodzi basi.

Ndipo pali chida chimene anthu amaiwala: njinga. Pezani a kabaza awiri odalirika, a njinga yamoto, manambala awo alembedwe pachikuto cha kope, mtengo ugwirizanidwe kale, ndipo komiti isunge kandalama koti mwana anyamuke kaye, zobweza zikambidwe pambuyo. Adokotala kunena kuti abwere pompano pomwe palibe chokwera, kuimbako kwapita pachabe.

5. Zosadikira foni

Pali ana amene simufunsa uphungu pa iwo. Mumanyamuka, n'kuimba muli m'njira kuti achipatala akonzeke, wina n'kuthamangira makolo. Lembani izi papepala lalikulu pakhoma: kukomoka kapena kugwedezeka thupi, kulefuka kosatha kudzuka kapena kulankhula zosamveka, kulephera kumwa, kapena kusanza chilichonse, kubanika, khosi louma thupi likutentha, zikhatho ndi m'kati mwa zikope zoyera mbee, magazi osaleka, fupa lothyoka kapena kumenyetsa mutu kwambiri, kulumidwa ndi njoka kapena galu, kutsegula m'mimba kwa madzi okhaokha kobwerezabwereza.

Pa zinayi mwa izi, zimene mungachite m'mphindi zoyamba n'zofunika. Mwana wa khunyu akagwa, chotsani mabenchi ndi miyala pafupi naye, ikani chofewa kumutu, kugwedezeka kukatha mugonekeni chammbali. Musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamuthire madzi. Yang'anani wotchi; zikapitirira mphindi 5, kapena ngati n'koyamba, ndi ulendo. Anzake auzeni kuti khunyu sapatsirana, thovu lake silipatsa munthu matenda. Wolumidwa ndi galu, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 zathunthu, kenako kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale bala likhale laling'ono, chifukwa chiwewe chikayamba kuonekera sichichizika. Wolumidwa ndi njoka asayende yekha, mwendo kapena mkono usagwedezeke, musatemere, musayamwe, musamange ndi chingwe. Wotsegula m'mimba ayambe kumwa Thanzi pompo, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi abwino, ndipo azimwabe m'njira. Kolera ya 2022 mpaka 2023, yomwe inachedwetsa kutsegulira sukulu ku Lilongwe ndi ku Blantyre mu Januwale 2023, inatiphunzitsa kuti matendawa amatha munthu m'maola ochepa.

6. Kuimba kwenikweni

Adokotala sakumuona mwanayo. Maso awo ndi manja awo ndinu. Ubwino wa uphungu umene apereke ukutengera zimene muwauze, ndiye musaimbe musanayeze ndi kulemba.

Mukhazikeni mwana pansi, apume. Funsani chomwe chikumuvuta ndipo mumulole anene yekha, osamuikira mawu m'kamwa. Mwana wamantha amavomera chilichonse chimene aphunzitsi anena. Chinayamba liti? Wadya lero? Wamwa mankhwala alionse kunyumba, a m'sitolo kapena achikuda? Funso lomalizali mulifunse mopanda kukalipa, apo ayi simudzamva zoona. Ikani choyezera kukhwapa kouma, mkono utsike, dikirani chilire. Kuyambira 37.5 kupita m'mwamba ndiye kuti thupi latentha. Mukwezeni pasikelo atavula nsapato, chifukwa mankhwala ambiri a ana, kuphatikizapo LA, amaperekedwa potengera kulemera. Werengani mpweya poyang'ana chifuwa kwa mphindi yathunthu, mwana ali chete, osamuuza kuti mukuwerenga. Tembenuzani zikhatho zake muziyerekeze ndi zanu.

Kuimba kosathandiza kumamveka chonchi: "Adokotala, kuno kuli mwana akudwala kwambiri, akuti thupi lonse likuphwanya, ndiye titani?" Adokotala alibe poyambira, ndipo yankho lawo likhala lomwe lija lakuti bwerani naye.

Kothandiza kumamveka chonchi:

"Mwaswera bwanji adokotala, ndine mphunzitsi wa SHN. Ndili ndi mwana mmodzi lero. Ndi mtsikana wa zaka 9, makilogalamu 24. Mutu ndi kuzizidwa kuyambira dzulo madzulo. Kutentha 38.9. Wasanza kamodzi m'mawa koma madzi akumwa, akulankhula bwinobwino, wayenda yekha kuchokera m'kalasi. Mpweya 24 pa mphindi. Zikhatho zili bwino. Kunyumba anamupatsa panado usiku."

"Khosi akutha kuweramitsa?"

"Dikirani ndione. Eya, chibwano chikufika pachifuwa."

"Chabwino aphunzitsi. Ameneyo akufunika kuyezedwa malungo lero lomwe, asagone. Mupatseni madzi, muitane makolo."

Mphindi ziwiri, nkhani yatha. Musanadule, bwerezani zimene mwamva: "Ndiye mwati abwere lero, amwe madzi, tisamupatse china chilichonse." Netiweki ya kumudzi imameza mawu, ndipo lero ndi mawa pa foni yodukaduka zimamveka mofanana. Lembani m'kope nthawi, dzina la amene mwalankhula naye ndi zimene wanena. Ngati simukugwirizana ndi yankho chifukwa mwanayo mukumuona akufooka pamaso panu, nenani. Mantha a mphunzitsi amene amamudziwa mwana tsiku ndi tsiku nawonso ndi chizindikiro, ndipo dokotala wabwino amawamvera. Foni ikapanda kuyankhidwa kawiri, imbani Chipatala Cha Pa Foni. Nakonso kukakanika ndipo thupi ndi lotentha, mwana apite basi.

7. Zithunzi ndi chinsinsi

Matenda a pakhungu ndi a maso ndi amene zithunzi zimathandiza kwambiri: chipere m'mutu, mphere pakati pa zala, chilonda chosapola pamsongolo, matekenya, diso lofiira. Jambulani panja pamthunzi, osati padzuwa lowala kapena m'kalasi mwa mdima. Pukutani galasi la kamera. Ikani rula pambali pa chilonda kuti kukula kwake kudziwike. Chithunzi chimodzi chapafupi, china chapatali pang'ono choonetsa kuti ndi mbali iti ya thupi.

Nkhope isaoneke pokhapokha vuto lili pankhope pomwepo. Dzina la mwana lisalembedwe pa WhatsApp. Gwiritsani nambala yake ya m'kope. Chithunzi chipite kwa wachipatala yekhayo, osati pagulu la aphunzitsi a zoni kuti anzanu akuthandizeni kuganiza, ndipo adokotala akayankha chifufutidwe. Malo obisika a mwana sajambulidwa, ngakhale pa chifukwa chanji. Vuto likakhala kumeneko, mwana apite kuchipatala.

Mukayamba kumvetsera ana modekha, tsiku lina wina adzakuuzani zoti wachitidwa nkhanza. Musamufunse mafunso ngati apolisi, musamuvule, musaitane woganiziridwayo kuti mukambirane. Mumvereni, mutsimikizireni kuti sanalakwe, ndipo afike kuchipatala mwachangu, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa maola 72 asanathe. Nambala yaulere ya 116 ndi yothandiza ana pa nkhani zotere, ndipo kupolisi kuli a Victim Support Unit. Iyi si nkhani yothera kwa amfumu ndi mbuzi.

8. Foni ikadulidwa

Apa ndi pamene ntchito zambiri zotere zimafera. Adokotala anena kuti apite, aphunzitsi auza mwana kuti ukauze amayi, basi. Mwana wa zaka 8 akafika kunyumba uthengawo wasanduka wina.

Lembani kakalata kachidule m'Chichewa: tsiku, kutentha kwa thupi, kulemera, zimene adokotala anena, ndi dzina lawo. Imbirani kholo, kapena mayi wa mother group wa mudzi umenewo aperekeze mwana ndi kalatayo. Akumbutseni kutenga kabuku ka kuchipatala. Mawa lake funsani ngati anapita. Akabwera ndi LA, onetsetsani kuti akumaliza: ndi kawiri patsiku kwa masiku atatu, akumwera chakudya, ndipo ana ambiri amasiya tsiku lachiwiri thupi likangozizira, otsalawo n'kusungira mng'ono wawo. Amene anauzidwa kuti angopuma muwaonenso asanaweruke, ndi mawa m'mawa.

9. Kope liziwerengedwa

Kamodzi pamwezi, aphunzitsi awiri aja, ahedi ndi a HSA akhale pansi ndi kope. Ana angati anafotokozedwa, angati anatumizidwa, angati anafikadi kuchipatala? Ngati otumizidwa ndi ambiri koma ofika ndi ochepa, vuto si foni, ndi ulendo kapena makolo sanamvetse, ndipo mukonze kumeneko. Onaninso zobwerezabwereza. Anyamata angapo a mudzi umodzi okodza magazi ndi likodzo, lomwe ndi lofala m'mbali mwa nyanja ya Malawi, ya Chilwa, mtsinje wa Shire ndi m'masikimu a mpunga. A HSA akatengere nkhaniyo kuchipatala kuti ana onse a kumeneko aganiziridwe, osangodikira tsiku logawa mankhwala pasukulu. Mphere m'kalasi imodzi ndi nkhani ya mabanja onse, chifukwa kuchiza mwana yekha pomwe akufunda bulangete limodzi ndi abale ake sikutha. Ana atatu otsegula m'mimba tsiku limodzi, musadikire kutha kwa mwezi. Imbani tsiku lomwelo ndipo muone mjigo ndi zimbudzi.

Ku komiti ndi kwa makolo muzipereka manambala okha, opanda maina. Pa chiyambi cha teremu iliyonse yesani manambala onse a pachikuto cha kope, sinthani batire la choyezera, lembetsani makolo a ana atsopano, ndipo mukamva kuti kuchipatala kwabwera a in-charge ena, tengani pepala lija mupite mukadzionetse sabata yomweyo.